Shuga wa a Adamson, Miyendo ya Chrispin

A Adamson Mbewe a kwa Kabudula, mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo, sankaopa njoka kapena abusa, koma jakisoni ankamuopa ngati mwana wa kusikelo. Ndiye tsiku limene adokotala anawauza kuti shuga akapanda kutsika m'miyezi itatu ayamba kubayidwa tsiku ndi tsiku, anafikira kukhala pakhonde n'kuitanitsa mng'ono wawo Chrispin, munthu woti ukamutuma kukaona ngati mbuzi zalowa m'munda amakaziona ndithu, n'kubwera kudzakuuza kuti zalowa.

"Khala apa. Werenga pepalali."

Chrispin anawerenga akulondola ndi chala. "'Muziyenda ndawala theka la ola, masiku asanu pa sabata, mpaka thukuta.' Eya. Ndiye muyamba liti, achimwene?"

"Uyamba mawa."

"Ine?"

"Pali Chrispin wina pano?"

"Koma pepalali alemba Adamson."

"Maliro a ku Msundwe aja anapita ndani?"

"Ine."

"Polengeza zipepeso anatchula ndani?"

"Inu."

"Basitu. Wavutikanso n'chiyani?"

Chrispin anakanda m'mutu. "Koma maliro ndi maliro, achimwene. Awa ndi matenda."

"Tamvera, iwe. Adokotala andifotokozera ndipo ndamva, ine si mbuli." A Adamson anakonza kolala ngati ayamba ulaliki. "M'thupi muli chinthu, dzina lake insulini. Ntchito yake n'kugogoda pa minofu kuti itsegule, shuga alowe akagwire ntchito. Tsono minofu yanga yagontha. Insulini akuti odi, odi, koma kuli zii. Shuga wangoti mbwee m'magazi ngati anthu osowa minibasi pa Nsaru."

"Pepani, achimwene."

"Usandipepese, sindinafe. Ndiye akuti m'kati mwa minofumo muli timalangizo ting'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, timene munthu amatengera kwa bambo ndi mayi ake. Tina timagona, tina timadzuka, malinga ndi mmene munthu akukhalira. Ukamayenda mpaka wefuwefu, togona tija timadzidzimuka n'kuuza minofu kuti, aise, pakhomo pali mlendo, tsegula."

"Timadzuka ta munthu woyendayo?"

"Ta kumtundu."

"Anatero adokotala?"

"Anati ta kwa bambo ndi mayi. Iwe bambo ako ndani?"

"Malemu a Mbewe."

"Anga?"

"Omwewo."

"Bere?"

"Limodzi."

"Nanga munda wa makolo akalima mmodzi, sitidya tonse?"

Chrispin anayang'ana kumwamba, nafunafuna bodza m'mawuwo, osalipeza. "Timadyadi."

"Ehee! Ndiye ufuna ine, mkulu wa mpingo, mwini njinga yamoto, ndizikaoneka m'mamawa ndikupalasa fumbi wapansi popanda kopita? Anthu aziti fodya wandigwetsa chaka chino. Kapena aziti ndikukanena maliro."

Zoona zake, a Adamson mantha anali nawo, ndipo anali aakulu. Matenda omwewa anadulitsa phazi la bambo awo iwo akuona. Koma manyazi ndi mantha zikakumana mwa munthu wa jekete, amayamba kulankhula ndi manyazi.

M'mawa mwake Chrispin atangotuluka pachipata anamva kutsokomola kumbuyo. A Adamson anali atavala jekete ndi nsapato za kutchalitchi.

"Mukupita kuti, achimwene?"

"Kukuyang'anira. Waganyu wosamuyang'anira amakwirira udzu, ine ndakulira m'munda."

"Pa njinga?"

"Mafuta ake ati?"

Miyezi imeneyo petulo anali atasowa, ndipo njinga yamoto ija inkangokongoletsa khonde, nkhuku n'kumagona pa chishalo. Choncho kapitawo anatsata wantchito wake wapansi.

"Iwe! Ukuyenda ngati ukuperekeza mkwatibwi. Pepala lati ndawala!"

"Chonchi?"

"Onjeza!"

Chrispin, mwana wa miyendo ngati nsungwi, anaonjeza.

"Eee! Dikira!"

"Pepala silinanene zodikira."

"Nanga ndikuyang'anira bwanji uli uko?"

"Mufulumire, achimwene."

A Adamson anafulumira, mimba ili patsogolo, jekete ikuuluka m'mbuyo. Pa mjigo amayi a chigwirizano anaika zidebe pansi n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Chrispin! Amayi akupatsa moni, sukuyankha?"

"Moni wa kuno ndi woima, achimwene. Ndikaima theka la ola liduka."

"Ndiye undichititse manyazi?"

"Muwayankhe ndinu. Dzina ndi lanu."

"Tadzuka, amayi... kaya inu... ayi, kulibe zovuta... sikunagwe kanthu... Chrispin, dikira, galu iwe!"

Atafika kudambo, a Adamson anagwira mtengo wa mkuyu ndi manja awiri ngati akuupempherera.

"Theka... la ola... lakwana. Thukuta latuluka?"

Chrispin anapisa dzanja m'khwapa, naliyang'ana bwinobwino. "Ayi."

"Ayi bwanji?"

"Ine ndimalima, achimwene. Kamtunda aka sikanditulutsa thukuta."

"Pepala lati mpaka thukuta!"

"Koma lanu latuluka lambiri. Malaya achita kumata. Bwanji tiwerengere lomwelo?"

"Wayamba kuba, eti? Ili ndi thukuta la ukapitawo, silikukhudzana ndi chipatala. Lofunika ndi lako."

"Ndiye tikwere chitunda icho."

A Adamson anayang'ana chitundacho, nayang'ana mng'ono wawo. Akanatha kubwerera. Koma anakumbukira jakisoni, nakumbukiranso kuti munthu ameneyu ukamusiya yekha angathe kuima pamwamba mpaka madzulo kudikira thukuta.

"Tsogola. Koma ndikuona."

Zinayenda choncho masiku asanu pa sabata. Sabata yachitatu jekete inatsala kunyumba. Mwezi wachiwiri a Adamson anaboola lamba ndi msomali, n'kumadandaula kuti zikopa za masiku ano zimatamuka. Amayi a pa mjigo anazolowera, moni ankangouponya ngati mmene amauponyera kwa wa kabaza. Ndipo usiku a kapitawo ankagona tulo tabwino, osadzukadzuka kukataya madzi, zimene iwo ankati ndi umboni woti Chrispin akugwira ntchito mokhulupirika.

Miyezi itatu itakwana anapita onse kuchipatala. A Adamson anatuluka m'chipinda cha adokotala akumwetulira mpaka mano a m'mbali, napeza Chrispin atakhala pansi pa mtengo.

"Watsika, mphwanga! Jakisoni kulibe! Akuti minofu yayamba kumva, insulini akangoti odi, chitseko n'kutseguka!"

"Munawauza kuti woyenda ndine?"

"Anafunsa kuti mukuyenda? Ndinati banja likuyenda. Ndanama?"

"Simunaname."

A Adamson anakhala pansi pambali pake. "Chrispin, ndinkaopa. Ndinkalota phazi la bambo. Wandipulumutsa, mwana wa mayi anga."

"Zikomo, achimwene."

"Ndipo tsopano ndakukhulupirira. Kuyambira mawa uziyenda wekha, sindikulondanso. Mafuta abwera, ine ndibwerere pa njinga yanga ngati munthu."

Chrispin anapisa m'thumba la malaya natulutsa pepala lopindidwa kanayi.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Langa."

"Lako lachokera kuti?"

"Munati ndikuimireni pamzere. Mzere unafika, inu muli kuseri. Ndiye anandibaya chala."

"Iwe, sunanene kuti ukungosunga malo?"

"Sanafunse. Akuti shuga ndilibe, koma poti matendawa ndi a kumtundu ndisadikire kuti andipeze. Andilembera zomwezo. Ndawala, theka la ola, mpaka thukuta."

"Ndiye vuto lili pati? Iwe ukuyenda kale!"

"Kumene ndikuyendako ndi kwanu, achimwene. Polengeza amatchula inu."

"Uziwerengera konse kuwiri!"

"Munthu mmodzi maliro awiri tsiku limodzi? Munakana ndinu ku dambo kuja. Munati kumeneko n'kuba."

"Ndiye upeze wina akuyendere!"

"Wa bere limodzi?" Chrispin anawerenga zala, nathera pa chala chimodzi. "Achemwali ali ku Joni. Mwatsala inu."

A Adamson anatsegula pakamwa kuti amuuze chitsiru ameneyu kuti munthu sangayendere mnzake, kuti timalangizo timadzuka mwa mwini miyendo basi. Mawuwo anafika pa lilime n'kuona kumene akupita, nabwerera okha. Anatseka pakamwa.

"Masiku asanu pa sabata?" anafunsa motsitsa.

"Mpaka thukuta. Koma lanu silivuta."

"Ndekhandekha, anthu akuona?"

"Aa, musadandaule, achimwene, sindingakutayeni chomwecho." Chrispin anaimirira, nasasa fumbi kumbuyo, natambasula dzanja. "Mwati mafuta abwera, eti? Bweretsani makiyi a njinga. Waganyu wosamuyang'anira amakwirira udzu."