Amene Ankanyamula Ziphona

Abusa Absalom ndi amayi busa, bwana wathu Mai Sairabanu, akuluakulu a mpingo, Anti Joanna akazi a Ankolo ndi mwana wanu Thandi, anzanga a pa ntchito, ndi inu Ankolo Boyd amene mwatisonkhanitsa muno pamene mukupuma pa ntchito, landirani moni. Kwa amene simundidziwa, ndine Atuweni. Ndagwira ntchito ndi Ankolo zaka zambiri kunyumba yathu yosamalira okalamba kuno ku Braunstone, m'dziko la azungu lino. Bwana wathu anabadwira ku Limbe, Chichewa amachimva, ndiye lero sindiwajeda.

Anandiuza kuti ndikuseketseni. Ndiyesetsa, koma ndineneretu kuti mtima wanga suli pa nthabwala.

Ine ndi Ankolo tinayamba mwezi umodzi. M'mawa woyamba anawatuma kukagawa phala. Iwo analowa chipinda ndi chipinda, kugwada, kupereka moni, kufunsa za tulo, za ana, za zidzukulu. Pofika kumapeto kwa kolido phala linali litauma, supuni itaima yokha. Atawauza kuti kuno okalamba timawatchula maina awo oyamba, anakanitsitsa. Aliyense anali agogo. Mpaka lero kuli azungu ena kumeneko amene amavomera ukati agogo.

Mukudziwa kuti Ankolo ndi mkulu wa mpingo. Koma m'Malemba ife timakonda mbali zotonthoza, iwo amakonda ziphona. Ankatiuza kuti Aheberi akale analibe dzina limodzi la anthu ataliatali aja, fuko lililonse linkawatcha dzina malinga ndi mantha ake. Ndiye anatenga maina onsewo n'kuwagawa m'zipinda. Agogo okonda kugwa anali Anefili, poti ankati dzinalo limachokera ku kugwa. Ataliatali, amene mapazi amatulukira kunsi kwa bedi, anali Aanaki. Aukali, omenya ndi ndodo powasambitsa, anali Aemi. Olankhula okha chapansipansi tsiku lonse anali Azamzumi. Ndipo onenepa kwambiri, ogona pa mabedi aakulu aja, anali Arefai.

Pa handiova, nthawi yopatsirana ntchito ija, umangomva kuti Mnefili wa m'chipinda cha pamwamba wagwanso, Azamzumi adya bwino. Lovemore uyo atangofika kuchokera ku Harare anakafufuza Zamzumi m'kabati ya mankhwala. Usabise nkhope, Lovemore, tonse tinakuona.

Tsiku lina bwana anawaitanira ku ofesi, poganiza kuti akunyoza odwala. Ankolo anawayankha modekha kuti anthu awa anasungunula zitsulo ku Corby, anakumba malasha ku Coalville, anaveka dziko lonse masokosi a m'mafakitale a Leicester. Anati awa ndi ziphona zenizeni, ife obwerafe ndife ziwala, monga anadzionera azondi a m'Malemba aja atakumana ndi Aanaki. Kuyambira pamenepo tonse a yunifolomu tinakhala ziwala.

Mwaseka, zikomo. Tsopano mundilole ndinene zimene ndabwerera.

Kuntchito kwathu kuli makina onyamulira munthu, timati hoisiti. Umamukulunga munthu m'nsalu, makina n'kumukweza m'mwamba, n'kumutsitsira pampando. Lamulo n'lakuti munthu wolemera amanyamulidwa ndi hoisiti ndiponso antchito awiri. Ankolo atangoiona tsiku loyamba anapukusa mutu. Mawu awo ndikuwakumbukabe: "Munthu wa imvi sapachikidwa m'mwamba ngati mwana kusikelo."

Thireningi ya makinawo anapanga, anakhoza, koma bwana akangotembenuka ankanyamula ndi manja. Ankati kwathu bambo ako akadwala umawafungatira, amve kutentha kwa munthu. Agogo ankawakonda chifukwa cha zimenezi. Ena ankakana kudzuka mpaka Boyd abwere. Bwana anawachenjeza, ife tinawachenjeza, Anti Joanna anawachenjeza. Iwo ankangoseka kuti msana wa Mmalawi unakulira pa khasu.

Kenaka kunabwera agogo Henry. Munthu wa zitsulo wa ku Corby, dzanja lake limodzi linkakwirira mbale yonse. Anawagulira bedi lapadera, lalikulu, lachitsulo. Ankolo anasangalala ngati apeza m'bale wawo. Anatiuza za mfumu ina, yotsala yokha mwa Arefai, imene inkagona pa bedi lachitsulo. Ankakonda kunena kuti Malemba analiyeza bedi lija m'litali ndi m'lifupi, koma sananene amene ankaliyala, ngakhale amene ankadzutsa mfumuyo itakalamba. Ankati ameneyo ndiye akufuna kudzakumana naye kumwamba.

Chaka chatha, m'mawa wina wa chisanu, agogo Henry anagwa m'bafa. Anali opanda chovala, pa matayilosi ozizira, akulira ngati mwana chifukwa cha manyazi. Hoisiti inali m'zipinda za pansi, ikugwira ntchito kwa wina. Ine ndinathamanga kukaitenga, ndikuwauza Ankolo kuti angowafunditsa thaulo adikire. Sanadikire. Pobwera ndinapeza agogo Henry atakhala bwinobwino pampando, atafunda, ndipo Ankolo ali pansi pomwe anagwera agogo paja. Sankalira. Anangondiuza kuti miyendo sakuimva.

Agogo Henry anamwalira patapita miyezi ingapo. Ankolo anachitidwa opaleshoni, tinapemphera, tinasala kudya. Lero ndi awa mukuwaonawa, pa wilutcheya, mpando wa matayala. Tikuti akupuma pa ntchito, koma tisanamizane, zaka zopumira zinali zisanakwane. Msana ndiwo wawapumitsa.

Ankolo, ndikuthokozeni pamaso pa anthu. Munatiphunzitsa kuti munthu wodziipitsira ndi munthu ndithu. Munkatseka chitseko musanamuvule wina. Amene analibe achibale munkawagwira dzanja mpaka kutsirizika, shifiti itatha kale. Ntchito imene ambiri timaibisa tikamaimba foni kumudzi, inu munaiveka ulemu. Zikomo, ndipo ndikunena kuchokera pansi pa mtima.

Koma ndakwiya nanu, ndipo mkwiyo umenewu ndavutika nawo sabata yonse.

Anthu inu simukudziwa. A zaumoyo anapita kunyumba kwa Ankolo, anaona mmene zilili, anati abweretsa hoisiti yaulere. Ankolo anaikana. Anati iwo si mwana wa kusikelo. Ndiye amawanyamula ndani? Kuchoka pabedi kupita pampando, pampando kupita kuchimbudzi, kubafa, kubwereranso, tsiku ndi tsiku? Thandi ali kusukulu ku Loughborough, amabwera Loweruka. Ndi Anti Joanna okha. Mayi wochepa thupi uyu, amene akatero amakwera basi kukanyamulanso odwala ena kuntchito kwawo.

Lachiwiri ndinakumana nawo pa siteji ya basi. Makiyi anawagwera pansi. Anaima n'kumawayang'ana, mvula ikuwanyowetsa, kudikira kuti wina adutse awatolere. Sangathe kuwerama. Anandipempha kuti ndisauze munthu. Anti, pepani, ndaphwanya lonjezo. Bola mundide muli choimirira.

Ankolo, munkafunsa kuti bedi la mfumu ija ankayala ndani. Ine sindikudziwa wa m'Malembayo. Koma wa bedi lanu ndikumudziwa, wakhala pambali panupo. Msana umodzi tauika kale m'manda ukadali wamoyo. Wachiwiri ukatha, nonse awiri adzakutengani kukakuikani m'nyumba ngati yathu ija, mwina zosiyana, ndipo kumeneko hoisiti sadzakufunsani.

Ine ndakwezapo anthu ambiri m'makina amene aja. Palibe amene anatsikamo atachepa. Ulemu suli m'manja kapena m'chitsulo, uli mwa amene wagwira batani, ngati akukulankhulani, ngati watseka chitseko. Zimenezo munatiphunzitsa ndinu. Ine ndi Lovemore talankhula kale ndi a zaumoyo. Mukavomera, Lolemba hoisiti ibwera, ndipo tsiku loyamba tidzakukwezani ndife, ziwala zanu. Tikungofuna mawu amodzi, ndipo sindikhala pansi mpaka ndiwamve.

Abusa, ndikuona mukundikodola. Ndikudziwa kuti zoterezi sizinenedwa pagulu, makamaka kwa munthu wamkulu. Kuseri tinanena, sizinamveke.

Anti Joanna, musadzuke. Ndikudziwa mukufuna kudzandilanda maikolofoni, koma khalani. Anti, mukugwa, gwirani tebulo! Thandi, agwire amayi ako. Pang'onopang'ono, abwezere pampando. Eya, choncho.

Ankolo, ndakuonani. Tonse takuonani. Munatambasula manja kuti muwadzutse, monga mwachitira moyo wanu wonse, ndipo manjawo sanafike. Sindinakonze zimenezi ine, ndipo zandipweteka kuziona.

Mwati bwanji? Lovemore, apititsire maikolofoni. Ayi, akana, akuti ndinene ndine.

Akuti, "Ibwere Lolemba. Koma Joanna asaonerere."

Tamva, Ankolo. Chitseko tidzatseka.

Ndatha. Pumani, bambo wathu. Mwanyamula Anefili, Aanaki, Aemi, Azamzumi ndi Arefai, tsopano lolani kunyamulidwa. Mulungu akupatseni masiku opanda ululu, inu ndi Anti, m'nyumba imodzi.

Mwambo wake timaimirira powombera m'manja munthu wopuma pa ntchito. Lero ayi. Awiri amene tikuwalemekeza sangaimirire, ndiye aliyense akhale pomwe ali. Tiwaombere m'manja tili chikhalire, mwamphamvu, amve.