Ndinaphunzitsa Mwana Wanga Kukana Kwawo

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, landirani moni m'dzina la Ambuye Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire, chifukwa pangopita masabata awiri okha chichitikire nkhaniyi.

Ndiyamba ndi kuulula bodza. Nonse muno mumadziwa kuti ine ndimakhala ku Maruapula. Amayi anzanga a mapemphero a Lachinayi, mwakhala mukupempha kuti mudzapempherere kwathu, ine n'kumati eni nyumba salola alendo. Linali bodza. Ku Maruapula sindinagoneko ngakhale tsiku limodzi. Ine ndimakhala ku Old Naledi, chino ndi chaka chachinayi.

Ndaona ena mwayang'anana. Musachite manyazi, inenso ndinali choncho. Nditangofika mu Gaborone muno, anzathu anandiuza kuti kombi ikaima ku Naledi usatsike, ugwiritse chikwama. Akuti kumeneko amakulanda foni uli mkati molankhula. Koma wosauka sasankha pogona, chipinda chimene ndikanakwanitsa chinali komweko. Ndinalowa ndi mantha, ndinkagona ndi mantha, ndinkadzuka ndi mantha. Sindinkapereka moni kwa munthu. Moyang'anizana ndi ine mumakhala bambo wina woyendetsa kombi, amamutchula Rra Kabo, ali ndi chipsera chochokera kukhutu mpaka pachibwano. Tsiku ndi tsiku ankandipatsa moni m'Chitswana, amvekere, “Dumela, Mma Tadala.” Ine n'kukokera mwana wanga Tadalayo m'nyumba, n'kukiya chitseko.

Pofuna ntchito ya m'nyumba ndinagogoda pa geti ina ku Village. Madamu anandikonda, tinagwirizana zonse, pomaliza anafunsa kumene ndimakhala. Ndinanena zoona. Nkhope yawo inasintha, anayang'ana chikwama changa, n'kunena kuti andiimbira foni. Mpaka lero ikuimbidwabe. Mnzanga wina atamva anandiseka, anati mutu wanga sukugwira, dzina limenelo satchula pa geti ya munthu. Pa geti yotsatira ndinati Maruapula, dzina limene ndinkangolimva m'kombi. Mawa lake ndinayamba ntchito.

Bodza likakudyetsa kamodzi umaliweta ngati nkhuku. Ndinalibweretsa kuno kutchalitchi, kenako ndinalipatsa mwana. Tadala wanga ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mumamudziwa, uja Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha Chitswana. M'mawa uliwonse pomusambitsa ndinkamufunsa kuti umakhala kuti, iye n'kuyankha kuti Maruapula. Tsiku lina panja pomwepa, titaweruka, mayi wina anamufunsa, mwana n'kuiwala, n'kunena kuti Naledi. Ndinamutsina pantchafu mpaka analira. Ndinamutsina ndithu, ndi dzanja ili. Sanaiwalenso.

Ndiye Loweruka lija la kumapeto kwa mwezi ndinapita naye ku siteshoni kukamugulira nsapato za sukulu. Mukudziwa mmene kumadzazira kuja, munthu kupondana ndi munthu. Ndinamusiya dzanja kuti ndipinde nsapato, ndione ngati ili yolimba. Kupinda nsapato kokha, abale. Potembenuka, mwana palibe.

Ndinaitana. Ndinaitananso. Ndinathamanga pakati pa makombi, ndinakwera mlatho wodutsa pamwamba pa njanji uja, ndinatsika, ndinakweranso. Poti anali atavala diresi lachikasu, lachikasu lililonse ndinkaligwira, n'kupeza kuti ndi mwana wa eni ake. Nkhani zonse zimene timamva zija, za ana osowa amene amapezeka kutchire ziwalo zina palibe, zinabwera m'mutu mwanga nthawi imodzi. Ndipo mumtima ndinali nditaweruza kale kuti amutenga ndi anthu a ku Naledi. Ndinalibe umboni uliwonse, dzina lokhalo linandikwanira.

Ndinapita kwa apolisi. Wapolisi analemba zonse bwinobwino, n'kufunsa kumene ndimakhala. Abusa, mwana wanga wasowa, koma pakamwa panga panayamba kale kuti “Maru…” Ndinachita kudziluma lilime. Anandiuza kuti iwo ayamba kufufuza, koma ine ndithamange kunyumba, mwina mwana wabwerera yekha poti si kutali.

Ndinapeza chitseko chili chokiya mmene ndinachisiyira. Ndinagwa pabwalo n'kuyamba kulira ngati pamaliro. Anthu anatuluka. Amayi ogulitsa magwinya, mandasi a kuno aja, pamsewu anasiya mafuta pamoto, abambo amene amamwa chibuku pansi pa mtengo aja anaimirira. Anthu amene sindinawapatsepo moni zaka zinayi ankadziwa dzina la mwana wanga. Ankadziwa kuti wagweluka dzino lakutsogolo. Mayi wina anati wamuona m'mawa atavala lachikasu. Asanandifunse n'komwe anagawana njira, ena kunjanji, ena kumsika.

Wina anaimbira Rra Kabo. Anasamutsira anthu ake m'kombi ina n'kubwera ndi yake yopanda kanthu. Anagwada pamene ndinagwapo, chipsera chija chili pafupi ndi nkhope yanga. Anandilimbitsa mtima kuti mwana wamkulu chotere sasowa, aliyense amene amupeze amubweretsa konkuno. Kenako anafunsa mofatsa.

“Mma, mwanayo akafunsidwa kwawo, amadziwa kunena kuti Naledi?”

Abale, anthu onse aja anali atandizungulira, akudikira yankho. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma ndikanabisanso, ndikanamupha mwana wanga ndi manja anga.

“Amanena kuti Maruapula. Ndinamuphunzitsa ndine.”

Mayi wina anatsonya. Rra Kabo anandiyang'ana, kenako anatulutsa foni n'kuyamba kuimbira anzake oyenda njira ya ku Broadhurst, yodzera ku Maruapula, mmodzimmodzi. Woyamba sanaone kanthu, wachiwiri chimodzimodzi. Ine ndikungoti Yesu, Yesu, Yesu, pemphero lina linali litandithawa. Patapita nthawi wina anaimbanso, anati masana ananyamula mayi wachikulire ali ndi kamtsikana kolira, ndipo anatsikira ku Maruapula.

Mayi wachikulire ameneyo ndani? Akupita naye kuti? Mantha anachita kuwirikiza. Ndinakwera kombi ija, ine amene ndinkathawa ngakhale mthunzi wake.

Titafika, Rra Kabo anandifunsa kuti tilowere msewu uti. Ine wa ku Maruapula wa zaka zinayi sindinkadziwa msewu ndi umodzi womwe. Malo ndi abwino ndithu, sindikunyoza. Koma ndi mipanda yaitali, mawaya amagetsi pamwamba, agalu mkati, pamsewu palibe munthu woti umufunse. Tinkaliza belu pa geti, wina n'kuyankhira mkati kuti sanaone mwana. Akanamudziwa bwanji? Dzuwa linayamba kupendeka, ine ndikuwerenga mageti, ndikuganiza kuti mwana wanga ali kuseri kwa umodzi mwa mipanda imeneyi ndipo sindidzamumva ngakhale akuwe.

Tinamupeza pa kasitolo kena, atakhala pa kireti, nsapato imodzi ili m'manja. Mayi wachikulire uja anali wa kumudzi wa Modipane, kunja kwa Gaborone. Anamupeza akulira ku siteshoni, anamufunsa kwawo, anasiya basi yake n'kuyenda naye geti ndi geti dzuwa lonse lija, mapazi mpaka kutupa. Anati anamufunsa kambirimbiri ngati akunenadi zoona, mwana osasintha mawu. Anandikalipira kwambiri mayi ameneyo, ndipo ndinayenera kukalipiridwa.

Ndinamunyamula Tadala. Anandigwira m'khosi n'kundinong'oneza m'Chichewa chake chothyokathyoka chija.

“Amayi, musanditsine. Sindinanene Naledi.”

Mwamva, abale? Mwana wasochera tsiku lonse pakati pa anthu osawadziwa, koma chimene ankaopa kwambiri chinali dzanja la mayi ake.

Sindikunena kuti ku Naledi kulibe akuba. Aliko, zovala zanga zinabedwapo pachingwe. Koma tsiku limene ndinasowa mwana, amene anasiya ntchito zawo ndi anthu a komweko. Lolemba ndinawauza madamu anga zoona. Sanandichotse, koma ayamba kukiya kuchipinda kwawo akamachoka. Zimandiwawa, koma ndipirira. Rra Kabo tsopano ndimayamba ndine kumupatsa moni, ndipo za chipsera chija sindinamufunse.

Tadala, imirira mwanangu, bwera kuno. Auze anthu a Mulungu kumene umakhala. Mukuona? Akuyang'ana kaye dzanja langa. Nena, mwanangu, manja ndaika kumbuyo, sindikutsinanso.

Mwamumva. Wanena motsitsa, koma wanena.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera mwana kudzera mwa anthu amene ndinkawakiyira chitseko. Amayi anzanga, Lachinayi likubwerali mapemphero ali kwathu. Mukatsika kombi ku Old Naledi musagwire chikwama, mungofunsa kwa Mma Tadala, aliyense akulozerani. Tsopano imirirani mukondwere nane, lululutirani amayi, chifukwa mwana wanga ali moyo ndipo akudziwa kwawo. Amen.