Ndinamwa Zotsala m'Matambula a Alendo

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, umboni wanga si wokoma kuumva.

Ndine amake Tisa, wa kuno ku Mtendere. Chaka chatha ndinaima pompano n'kunena kuti mowa ndasiya. Munaomba m'manja, amayi ena munandikumbatira. Ndipo sindinaname, ndinasiyadi. Kachasu ndinasiya, timabotolo tobisa m'chitenje ndinasiya. Chaka chathunthu ndi miyezi iwiri, ngakhale dontho. Ine ndinkati zatha. Sindinadziwe kuti chilakolako chinangogona.

Kenaka amuna anga anawachotsa ntchito ku fakitale, akuti magetsi akuzimazima, makina sakuyenda. Unga wa nsima unakwera mtengo, mukudziwa nonse. Tinayamba kugula pamela, kaunga kam'pepala kongokwana tsiku limodzi. Ndiye nditapeza ntchito ya m'nyumba kumayadi, ku Kabulonga, ndinagwada kuthokoza Mulungu.

Mabwana anga ankalandira alendo Lamulungu lililonse. Lolemba loyamba ndikulowa m'khitchini, matambula ali mbwee pasinki. Ena vinyo watsalira pansi, ena wisiki. Fungo lija, abale! M'kamwa munadzaza malovu. Ndinatsuka ndikuyimba nyimbo, misozi ikutsika. Tsiku limenelo ndinapambana, koma sindinauze munthu. Ndinaopa kuti mudzati, si uja anachitira umboni uja?

Lolemba lachitatu sindinayimbe. Ndinayang'ana kukhomo, n'kuthira zotsala zonse m'kapu imodzi. Tambula ina inali ndi zofiira za milomo ya mayi amene sindimudziwa ngakhale nkhope. Ndinamwa. Amayi inu, mukundimva? Ine, mayi wa ana atatu, wovala yunifolomu ya amayi a chigwirizano, ndinamwa zotsala za alendo, malovu awo omwe.

Kuchoka apo zotsala sizinandikwane. Ndinayamba kutsegula kabati ya abwana. Ndimwe pang'ono, ndithiremo madzi m'botolo. Pobwerera kunyumba ndinkatafuna ndimu kuti amuna anga asamve fungo.

Tsiku lina madamu anatiitana awiri, ine ndi ba Mulenga, mdala wosamalira maluwa, amene anagwira pamenepo zaka zambiri.

"Nindani akumwa moba wa ba bwana?"

Madamu anandiyang'ana n'kuti, "Iwe nikudziba, ndiwe wa ku chechi. Ba Mulenga, ndimwe mungena muno kutenga tiyi."

Mdala uja anavula chipewa. "Madamu, ine sinimwa."

Abale, ine ndinali pomwepo. Pakamwa ndinali napo. Ndinangoyang'ana pansi. Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo geti ndinawatsegulira ndine.

Milungu itatu ndinkabwera muno, ndikuyimba nanu, ndikukweza manja. Ndipo Lolemba lililonse ndinkamwabe. Manyazi amene ndinkayesa kuti andiletsa ndiwo ankandipatsa ludzu.

Loweruka lina ndikudutsa ku Kalingalinga, ndinaona mdala atakhala m'mbali mwa msewu, akuphwanya miyala yogulitsa, tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Ndinafuna kuthawa, koma anandiona kale.

"Amake Tisa! Kuli bwanji ku nchito?"

Ndinagwada pafumbi pomwepo, anthu akuona. "Ba tate, nine ninamwa."

"Nidziba, mayo. Nenze kukuonani pa windo."

"Nanga simunakambe chifukwa chani?"

"Imwe muli na bana batatu. Banga banakula." Anatola nyundo yawo, n'kuiikanso pansi. "Koma ichi chintu mukapitiliza kuchibisa, chizakupayani."

Lolemba ndinapita kwa madamu ndisanakhudze tambula. Ndinaulula zonse. Anandinyoza, ndipo palibe mawu amene sanandiyenere. Ntchito inathera pomwepo. Ndinangopempha chimodzi, kuti mdala abwerere. Anabwerera.

Chovuta koposa chinali kuuza amuna anga. Sanandikalipire. Anangoti, "Nde tizadya chani?" n'kutuluka panja. Masiku awiri sanandilankhule. Ndinapita kwa amayi busa, iwo n'kundiperekeza kwa aphungu a kuchipatala. Kumeneko anandifunsa kuti, n'chiyani chimadzutsa chilakolako chako? Ndinatchula fungo. Ndinatchula kulira kwa botolo likamatsegulidwa, njala, kukhala ndekha m'nyumba. Anati usamalimbane nacho uli wekha, ndipo usamachiyandikire pofuna kuonetsa mphamvu.

Lero ndimagulitsa tomato pamsika. Ndimazungulira njira yaitali kuti ndisadutse pa bala ija ya pakona. Sindikuuzani kuti chilakolako chinatha, ayi, bodza ndatopa nalo. Lachinayi lapitali munthu anatsegula botolo pafupi ndi thebulo langa, chilakolako chinadzukanso. Ndinasiya tomato, ndinaimbira foni amayi busa. Anati, "Khala pansi, imwa madzi, tiyeni tipemphere." Tinalankhula mpaka chinatsika. Chimatsika, abale, ukangopirira osabisa. Tsopano yakwana miyezi inayi osalawa ngakhale dontho.

Mundikhululukire, mpingo wa Mulungu, ndinakunamizani. Mukandiona, musamangoti muli bwanji. Muzindifunsa kuti, sabata ino wayenda bwanji?

Ba Mulenga si a mpingo wathu, koma ndinawapempha abwere lero. Akhala kumbuyo uko. Ba tate, imirirani pang'ono anthu akuoneni. Mdala uyu sanabe, mdala uyu sanamwe. Ndinamwa ndine.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye, ndikuthokoza amayi busa, ndi amuna anga amene akhala apowa. Ine kufuula kukundikanika lero, ndiye fuulani ndinu. Amayi, nthungululu ziliko? Imirirani mukondwere nane, chifukwa Ambuye anditolanso kachiwiri. Aleluya! Ameni.