Bambo Rabson Jeremiya ndi Nyimbo ya Mjigo

Amene tikuwaperekeza lerowa ndi Bambo Rabson Jeremiya, omwe ambiri tinkangowatchula kuti a Mawaya. Anabadwa pa 9 Meyi 1967 m'mudzi wa Liwanga, kufupi ndi Makokola, m'boma lino la Mangochi. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine wowerengane ndine Tikhala, msuweni wawo. A banja andipatsa ntchitoyi podziwa kuti pa anthu onse amene ankawaseka malemuwa, woyambitsa ndinali ine.

Sukulu anayamba mu 1974 ndipo analekezera Fomu 2, poti bambo awo ankafuna wowathandiza kunyanja. Usodziwo sunawayanje. Anzawo akamakoka khoka, iwo ankaima chilili kumvetsera mmene nkhafi ikugundira bwato. Bambo awo atatopa nazo anakawasiya kwa a Sadik, okonza mawailesi ku Mangochi boma, ndipo kumeneko manja awo anapeza ntchito yowayenera.

Mu 1992 anamanga banja ndi Mayi Enelesi a m'mudzi womwewo wa Liwanga, amene patsogolo pake anakhala mtsogoleri wa kwaya ya amayi. Mu 1995 analembedwa ntchito pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja, yolumikiza masipika a bandi, ndipo anagwirapo zaka 27. Komweko, mu 2004, mlendo wina anawasiyira kamakina kojambulira mawu, iwo n'kugulirapo kompyuta yakale. Mavuto athu ngati achibale anayambira pamenepo.

Malemuwa ankajambula chilichonse: chigayo, achule, jenereta, mwera ukuliza waya wamagetsi, ngakhale chitseko cha tchalitchi. Mawuwo ankawadula pa kompyuta, kuwakoka, kuwatembenuza, n'kuwasanjikiza, kenako n'kunena kuti apeka nyimbo. Munalibe woimba, munalibe povinira. Anthu akutali ankazimvera pa intaneti n'kumawalembera zowayamikira, koma zimenezo sizinkawakhutitsa. Iwo ankafuna chinthu chimodzi: kuti munthu wakwawo, makamaka mkazi wawo, amvetsere nyimbo imodzi mpaka kumapeto, imufike pamtima. Kwa zaka makumi awiri, Mayi Enelesi akamadutsa pakhomo la chipindacho ankangoti, "Bambo a Mtendere, wailesi yanu ija yawonongekanso." Eni ake sankakwiya. Ankangoyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumpingo anali dikoni, ndipo ndi amene ankasamala zokuzira mawu. Chodabwitsa n'chakuti m'tchalitchi sanalolepo maikolofoni kulira ngakhale kamodzi, pamene kunyumba kulira komweko ankakutcha nyimbo. Pa ukwati kapena pa maliro, kaya ndi kwa Mkhristu kaya kwa Msilamu, ankafika ndi masipika awo asanaitanidwe.

Mu 2024 madzi a nyanja atakwera, mudzi wathu wa Liwanga unamira, ndipo mabanja ambiri tinasamukira kuno ku Chowe. Nyumba tinamanga zina, koma Mayi Enelesi mtima unatsalira kwawo. Anasiya kuimba, kukwaya osapitanso, chakudya akungotola pang'ono. Tsiku lina masana, iwo akusankha nyemba pakhonde, malemuwa anatulutsa sipika n'kuika nyimbo yatsopano. Inayamba ndi kugunda kwapansipansi, kenako kulira kwa chitsulo. Mayi Enelesi anaika lichero pansi n'kunena kuti, "Amenewo ndi a Ajira. Amapopa katatu n'kupuma."

A Ajira anali mnansi wawo amene anatisiya mu 2019. Zinapezeka kuti kwa zaka zambiri malemuwa ankajambula mjigo wa ku Liwanga, umene lero uli pansi pa madzi, ndipo mayi aliyense ali ndi kapopedwe kake. Mayi Enelesi anamvetsera mphindi zonse khumi ndi imodzi. Analira, kenako anaseka, n'kukaitana amayi anzawo. Pakhondepo panadzaza, uyu akutchula mnzake, uyo akutchula malemu amayi ake, wina akukana kuti iye sapopa mwaulesi choncho. Inenso ndinalipo, ndipo ndikuvomera pamaso panu kuti msozi unagwa, ine yemwe ndinkati asuweni anga akuwononga magetsi. Lamulungu lotsatira Mayi Enelesi anabwerera kukwaya. A Mawaya sindinawaonepo osangalala ngati chaka chimenecho.

Panatsala kapopedwe kamodzi kamene palibe anakazindikira, kogunda kwapansipansi kaja, kodekha, koyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Amayi anafunsa kangapo, eni ake ankangomwetulira.

Mu Malichi chaka chino anadwala sitiroko. Anagonekedwa m'chipatala masabata atatu, anapezako bwino, n'kubwerera kunyumba. Kumayambiriro a Ogasiti matendawo anabweranso. Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, ali ndi nzeru zawo zonse, anauza mkazi wawo kuti, "Mayi a Mtendere, wopopa pansi uja ndinu. Munthu sadzimva yekha." Anafotokoza kuti tsiku limene analandira kamakina kaja, choyamba kujambula chinali mkazi wawo ali pamjigo, ndipo kugunda kumeneko anakuika pansi pa nyimbo iliyonse imene anapeka kuyambira 2004. Wailesi yowonongeka ija, zaka makumi awiri zonsezo, inali kuimba Mayi Enelesi.

Anamwalira Lachinayi pa 14 Ogasiti 2025, ali ndi zaka 58.

Mayi Enelesi apempha, ndipo abusa alola, kuti kwaya ikatha kuimba, thupi linyamuke ndi nyimbo ya mjigo ija. Amene muyambe kuimva lero, musathamangire kukagwira mawaya, palibe chimene chawonongeka. Ingodekhani mpaka ithe.

Malemuwa asiya mkazi wawo, Mayi Enelesi. Ana anayi, amuna awiri ndi aakazi awiri, woyamba ndi Mtendere. Zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Achimwene awo mmodzi ndi azichemwali awo awiri. Komanso mphunzitsi wawo wa ntchito, a Sadik, amene akhala patsogolopa.

Anadikira nthawi yaitali kuti timve, ndipo apita akudziwa kuti tinamva. Asuweni anga, a Mawaya, apumule mu mtendere.