Mtsinje Umene Unanyoza Nsalu

Senderani pafupi ndi wailesi, anzanga, mumve zimene zinationekera ife amayi a kumunsi kwa katawuni kena kuno kumapiri a Dowa, nthawi ya chipani chimodzi.

Kumtunda kwa mtsinje wathu anakumba maiwe osungiramo zonyansa za m'zimbudzi za m'tawunimo. Khoma la dziwe lina linang'ambika, madzi ake n'kumatsikira kwa ife. Ana ankangotsegula m'mimba. Tinadandaula mpaka malovu kuuma, koma bambo woyang'anira maiwewo ankangoti, "Simenti kulibe, amayi."

Tsiku lina achipani anatiuza kuti tikavine kumsonkhano waukulu. Tinachapa nsalu zathu za chipani, zija za nkhope ya mtsogoleri, mumtsinje momwemo. Titakwera lole, dzuwa n'kuswa mtengo, fungo linabuka loti ntchentche zinatiperekeza mpaka ku Mponela. Koma ndani akanati nsalu imeneyo ikununkha? Akanakagona kundende ya ku Dzaleka! Tonse tinangopirira fungolo, misozi ili mbwembwembwe.

Atcheya athu a amayi, atagwira mphuno mobisa, anafunsa kuti, "Amayi, pali amene akumva kanthu?"

"Ayi ndithu, atcheya," ndinatero ine, "nsalu ili bwinobwino. Koma mtsinje wathu ukuinyoza."

Atcheya anakanena kwa akuluakulu a chipani tsiku lomwelo kuti mtsinje ukunyoza nsalu ya mtsogoleri. Simenti yosowa ija inapezeka m'mawa mwake!

Bambo wa maiwe anamanga khomalo thukuta lili kamukamu, kenako aboma anawasamutsa bambowo kuti azikagwira ntchito kutali. Atcheya anakalamba akudzitama kuti anapulumutsa mtsinje. Ana athu anachira. Ine ndilipo, ndipo mpaka lero sindiviika chovala ndisananunkhize madzi.

Inu akumtunda, konzani maiwe anu. Masiku ano kulibenso nsalu yotilankhulira.