Chilembo Chimodzi M'dzina la Nkhokwe

Abale ndi alongo amene mumawerenga tsamba lino, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ndikulemba umboni uwu chifukwa ambiri a inu munamva kuti ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ku koleji pa mlandu wowononga ntchito ya mnzanga, koma simunamve mathero ake. Ndi bwino kuti ndifotokoze ndekha, mwini nkhani.

M'chaka chathu chomaliza tinauzidwa kukhala awiriawiri ndi kupanga pulogalamu ya pafoni yothandiza anthu a kwathu. Ine ndinasankha Limbani wa ku Area 23, mnzanga amene tinkaimba limodzi m'kwaya ya ophunzira. Ganizo la ntchitoyo linachokera kwa mayi anga. Iwo ali m'gulu la amayi a mumpingo wathu ku Chinsapo amene amayendera odwala m'makomo, ndipo ankadandaula kuti wodwala wina amayenderedwa mobwerezabwereza pamene mnzake waiwalika. Pulogalamu yathu inali yosavuta: mayi akafika kwa wodwala alembe pafoni, anzake onse aone.

Limbani anatenga maonekedwe, ndiye kuti mitundu ndi mabatani. Ine ndinatenga ntchito yolumikiza pulogalamuyo ndi nkhokwe yosungiramo zolembedwa, imene anzathu amaitcha detabesi. Nkhokwe imeneyi sikhala m'foni. Imakhala pa intaneti, m'makompyuta a kampani ina amene ali m'mayiko osiyanasiyana, ndipo chimene walemba chimakoperedwa m'makompyuta onsewo kuti imodzi ikazima, ena apitirize. Kampaniyo inafuna khadi la kubanki, limene ine ndinalibe, choncho akaunti tinaitsegula m'dzina la Limbani.

Pamiyezi imeneyo ndinkayenda ndi mayi anga m'makwalala a Chinsapo kufunsa mayina a odwala ndi zosowa zawo, kenako ndinkalowetsa zonse m'nkhokwe pakompyuta ya ku koleji. Nkhokweyo ndinaitcha "chisamaliro". Dzina limeneli ndi mawu achinsinsi sindinazisunge pamodzi ndi pulogalamu, monga mwa lamulo la ntchitoyi. Limbani atandifunsa ziwirizi tili m'minibasi, ndinamuuza pakamwa, popeza ndinalibe chomubisira. Iye ankakonda kundiseka chifukwa chokonza kalembedwe kake. "Aise, iwe ndi malamulo akowo," ankatero, "kompyuta sidziwa Chichewa."

Kenako kunamveka kuti kampani ina idzalemba ntchito wophunzira mmodzi amene pulogalamu yake yaposa onse. Limbani sanandiuze kanthu. Anasintha mawu olowera mu akaunti, analemba yekha dzina la nkhokwe m'pulogalamu, nainyamula kupita yekha kwa mphunzitsi wathu, Mayi Kalemba. Anawauza kuti ntchito yonse anagwira ndi iye, ine ndinkangoyendayenda, ndipo umboni wake unali akaunti ya m'dzina lake ija. Mayi Kalemba anamuuza kuti awaonetse. Pulogalamu inatseguka, inasonyeza kuti yalumikizidwa, koma munalibe dzina ngakhale limodzi. Pamenepo mnzanga anawonjezera bodza lachiwiri: anati ine ndafufuta zonse chifukwa cha nsanje.

Ndinaletsedwa kulowa m'chipinda cha makompyuta kufikira mlandu utamvedwa, ndipo ndinauzidwa kuti ndikapezeka wolakwa sindidzamaliza maphunziro. Nanenso ndinakhulupirira kuti mayina apitadi, kuti Limbani wawafufuta mosadziwa. Ndinkadziwa kuti m'nkhokwe yotere, chimene wafufuta pamalo amodzi chimafufutika m'makompyuta onse. Amayi a kumpingo ankandifunsa panjira kuti, "Mwanathu, foni ija iyamba liti?" Ndinkangowerama. Chimene chinkandipweteka koposa si mantha a kuchotsedwa ayi, koma kukumbukira kuti munthu amene wandichita zimenezi ankagona kwathu mvula ikamutsekereza, ndipo mayi anga ankamutcha mwana wawo. Kwaya ndinasiya. Kupemphera kunandikanika, chifukwa ndikatseka maso ndinkaona nkhope yake.

M'mawa wa tsiku la mlandu, mayi anga anandigwira dzanja pakhomo napemphera mwachidule. Sanapemphe kuti Limbani alangidwe. Anangoti, "Ambuye, chobisika chionekere."

M'chipinda cha mlandu, Mayi Kalemba sanafune kumva zonena zambiri. Anauza Limbani kuti aonetse pakhoma, kudzera pa pulojekita, pamene analemba zolumikizira pulogalamu ndi nkhokwe. Ndinakweza maso mopanda chiyembekezo, ndipo ndinaona dzina limene analemba: "chisamalilo".

Ndinapempha mwayi woyankhula. Ndinafotokoza kuti m'kalembedwe ka Chichewa, mkati mwa tsinde la mawu, pambuyo pa i kapena e timalemba r, osati l, ngakhale kuti pakamwa ziwirizi zimamveka ngati chimodzi. Ndinafotokozanso kuti nkhokwe ya mtundu umenewu sikana dzina lolakwika. Imangoganiza kuti ukufuna ina yatsopano, n'kukupatsa yopanda kanthu.

"Bwerani mukonze, tione," anatero Mayi Kalemba.

Ndinafufuta l, ndinaika r, ndi kutsegulanso pulogalamu. Mayina anatsika pakhoma paja motsatizana, kuyambira ndi agogo aakazi a pafupi ndi chigayo amene tinayamba kuwayendera. Palibe limene linasowa. Mayi Kalemba anafunsa Limbani kuti afotokoze mmene anasanjira zolembedwazo, ndi kuti agogowo amadwala chiyani. Iye anayang'ana pansi.

Mlandu unandichokera, ndipo lero amayi a ku Chinsapo akugwiritsa ntchito pulogalamu ija. Za chilango cha Limbani sindilemba, chifukwa si ine woweruza. Kufikira lero sanapepese. Ndinamuona pasiteji ya ku Biwi posachedwapa, ndipo anatembenukira kumbali ngati akuyankha foni. Sindikunamizani kuti bala lapola. Ndikupemphabe mphamvu yokhululuka, ndipo sinafike yonse.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsa ndi chinthu chomwecho chimene ndinkasekedwa nacho. Ndikuthokozanso mayi anga, ndi mphunzitsi amene anasankha kuona m'malo mongomva. Inu amene mwaperekedwa ndi munthu amene munkamudalira, musaleke kugwira ntchito yanu mosamala, ngakhale pa zazing'ono zimene ena amazipeputsa. Simudziwa chimene Ambuye adzagwiritse ntchito pokuimirirani.

Pomaliza, ndine wophunzira chabe, ndipo ndikhoza kuphonya. Aliyense amene wapeza cholakwika m'kalembedwe kanga andilembere pansipa, ndidzakonza mothokoza, makamaka ngati penapake ndaika l pamene pafunika r.