Mayi Leonila Sumagaysay, Amene Anasamuka ndi Nyumba Yomwe

Amene agona pamaso pathuwa ndi Mayi Leonila Tumbocon Sumagaysay, amene tonse tinkangowatchula kuti Nay Ilang, ndiko kuti Mayi Ilang. Anabadwa m'chaka cha 1947 m'mudzi uno wa Tinabuan, m'chigawo cha Antique, pachilumba chathu cha Panay. Bambo awo anali malemu Eustaquio Tumbocon, mlimi wa mpunga, mayi awo malemu Marciana. M'banja mwawo anabadwa awiri, iwowa ndi mng'ono wawo Remedios. Wowerengane ndine Erlinda, mlamu wawo. Banja landisankha ati chifukwa mawu anga amafika kudoko popanda chimkuzamawu. Ndikatsamwa penapake mundipirire, anali mnzanga.

Sukulu anayambira pa pulaimale ya m'mudzi muno, koma analekezera kalasi yachinayi. Chaka chimenecho njati yolimira ya bambo awo inafa, ndipo kunaoneka kuti wophunzira akhala mmodzi. Bambo anasankha Remedios. Nay Ilang anapachika yunifolomu n'kuyamba kuthandiza mayi awo kuphika zigumu za mpunga zogulitsa. Remedios anaphunzira mpaka kukhala namwino, kenako anatuluka m'dziko lathu la Philippines kupita ku America. Ife tinkanena osabisa kuti mwayi wa banja limenelo unagwera mbali imodzi, ngati katundu wopakira molakwika m'bwato.

Mu 1968 anamanga ukwati woyera ndi achimwene anga, Anacleto Sumagaysay, msodzi. Achimwene anamanga okha nyumba yansungwi yoimika pamizati, yofolera ndi masamba a kanjedza, chakugombe m'mphepete mwa munda wa kokonati. Nthakayo sinali yawo. Mwini munda anangowaloleza pakamwa, nati nyumba ndi yanu koma dothi ndi langa. Mulungu anawapatsa ana atatu: Rogelio, Marites, ndi Benigno amene anatisiya ali wakhanda.

Mu 1989 achimwene anapita kunyanja ngati masiku onse, osabwerako. Bwato linapezeka, munthu ayi. Choncho mlamu wanga analibe manda oti akasese kapena kuyatsapo kandulo pa tsiku lokumbukira akufa. Chimene anali nacho ndi nyumba ija, makwerero amene amuna awo anasema, ndi msomali umene ankakolekapo chipewa. Denga ankalisintha, makoma ankawasintha, koma mizati ndi makwerero sankalola munthu kukhudza. Anandiuza nthawi imeneyo, ndipo anabwereza kwa aliyense wofuna kumva, kuti: "Manda a amuna anga ndi nyumba ino. Ine ndidzafera muno." Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Ntchito yawo moyo wonse inali zigumu. Ankasinja mpunga, kuthira mkaka wa kokonati, kuyala masamba a nthochi m'timbale tadothi, makala pansi makala pamwamba, n'kukakhala pakhomo pa tchalitchi chino. Zigumu zimenezo ndi zimene zinaphunzitsa Rogelio mpaka kupeza ntchito ya muofesi ku Iloilo, ndi Marites mpaka kukhala mphunzitsi. Sanalemere. Nsapato zabwino anali nazo za ku Misa zokha, ndipo panjira ankazinyamula m'manja kuti zisathe.

Tsono pali mawu awo amene nonse mukuwadziwa, ndipo ndikuona ena mwayamba kale kumwetulira: "Koma ndiye tachita mwayi." Mvula ikagwa atamaliza kuanula zovala, tachita mwayi. Ikagwa asanaanule, zachapidwanso kaulere, tachita mwayi. Nsomba ikapezeka imodzi yokha ya anthu anayi, iwo ankayamikira kuti yabwera ndi mutu womwe. Namondwe wina atasasula madenga m'mudzi muno, tonse tili kakasi, ndinawapeza akutola kokonati zimene mphepo inagwetsa. "Inday Erlinda, mng'ono wanga," anatero, "taona, chaka chino palibe mwamuna athyoke msana kukwera mtengo." Ine zinkandinyansa, ndisaname pamaso pa Bambo Mfumu. Ndinawafunsa kuti, "Manang, akulu anga, mwayi wake uti? Sukulu munalibe, mwamuna nyanja inatenga, malo ndi a eni." Anandiyang'ana ngati ndine mwana wosamva, nati, "Zimenezo ndikuzidziwa, ndinalira ndipo unandiona. Koma ndizingoyang'ana zokhazo? Maso ndili nawo awiri."

Sikuti anali munthu wosamva kuwawa. Chaka chimene achimwene anasowa, mawu aja sanamveke pakamwa pawo miyezi yambiri. Tsiku limene anawanenanso, chifukwa cha nkhuku yawo imene inaswa anapiye onse osasiya dzira, ndinalowa kuseri kwa nyumba n'kulira.

Kumpingo anali Mkatolika wokhulupirika. Ankatsogolera kolona m'nyumba za odwala ndiponso pamaliro. Anali wa kwaya zaka zambiri, ngakhale kuti ife oimba nawo tikudziwa kuti nyimbo inkalowera uku iwo n'kulowera uko. Tinkawaimika kumbuyo pafupi ndi zenera, ndipo ankakondwa kuti tawapatsa malo a kamphepo. Koma utumiki wawo weniweni unali pamakwerero a nyumba yawo. M'mawa uliwonse ankakhala pamenepo akupeta mpunga, ndipo ana opita kusukulu ankapatuka mmodzimmodzi, kugwira dzanja lawo n'kuliika pamphumi kuti adalitsidwe, monga mwa mwambo wathu. Ena mwa ana amenewo lero ali ndi imvi ndipo akhala muno.

Remedios atabwera kudzacheza patapita zaka zambiri, anawapeza pamakwerero pomwepo, manja ali zipsera za makala. Analira, nati, "Manang, sukulu ija inali yanu. Zabwino zonse ndinatenga ndine." Nay Ilang anamupukuta misozi ndi nsalu ya ufa, nkhope yonse mbuu, nati, "Iwe unapita kukaona dziko, ndipo ndimanyadira. Koma ine mudzi wonse umabwera pakhomo panga m'mawa kudzagwira dzanja ili. Usandimvere chisoni, ungandichotsere ulemu." A Remedios ali nafe pano. Banja likuthokoza kuti mankhwala a akulu awo sanasowe chifukwa cha iwo.

Kudwala kunayamba chaka chatha, pamene anagwa akukoleza makala. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa, koma mutu ndi pakamwa zinatsala zamoyo ndithu. Anabwerera kunyumba kwawo, Marites ndi ine tikusinthana kuwasamala.

Ali chigonere choncho, kunabwera uthenga woti adzukulu a mwini munda uja agulitsa malo onse kwa anthu ofuna kumanga nyumba zogona alendo. Aliyense wokhala chakugombeko achoke mwezi usanathe. Rogelio anabwera ndi galimoto. Anali atakonza chipinda kwake ku Iloilo, bedi labwino, chipatala pafupi. Palibe angamunene mwanayu, ankafunira mayi ake zabwino. Anagwada pambali pa mphasa, nati, "Nanay, mayi anga, nyumbayi ikugwetsedwa, mufune musafune. Tiyeni." Iwo anatembenukira kukhoma. Chakudya anakana. Kwa nthawi yachiwiri m'moyo wawo, mawu aja anasowa pakamwa pawo, ndipo ine ndinachita mantha kuti atisiya ndi mtima wosweka, pabedi lachilendo.

Amene anatitsegula maso ndi Manong Teban, mkulu wathu mmisiri wa mabwato, amene wakhala apoyo. Anabwera kudzazonda, n'kuzungulira nyumba akugogoda mizati, nati, "Agula dothi. Nyumba agulanso ngati?" Achinyamata ambiri anali asanaonepo nyumba ikunyamulidwa, chifukwa masiku ano aliyense akumanga ya simenti. Koma ife akale tikudziwa kuti nyumba yansungwi imayenda. Malo ndinapereka ine, kuseri kwa tchalitchi kuno kumene ndinkadzala chinangwa.

Loweruka m'mawa amuna a mudzi wonse anafika, asodzi osapita kunyanja, alimi, oyendetsa njinga zamoto. Anapisa nsungwi zazitali pansi pa nyumba n'kuzimanga, nafukula mizati. Mwambo wake ndi woti nyumba imanyamulidwa yopanda kanthu, ngakhale mphika umatuluka. Tinatulutsa zonse. Titafika pa mwini wake, anagwira mzati ndi dzanja lamoyo lija. "Ine ndiye ayi," anatero. "Ndikatuluka muno, Rogelio uyu andiponya m'galimoto." Manong Teban anawachonderera kuti nyumba ikhoza kupendama. Iwo anati, "Teban, ndatha ngati nkhuku yonyowa. Amuna onsewa mukuopa kulemera kwa ine? Amayi anu akanamva manyazi." Anthu anaseka, ndipo nkhani inathera pomwepo. Tinawakhazika pafupi ndi zenera, titawatchinjiriza ndi mapilo, Marites atawagwira.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Tsiku limenelo tinasenza denga, makoma, makwerero ndi mwini wake yemwe. Manong Teban anafuula, amuna analowetsa mapewa, ndipo nyumba ya achimwene anga inadzuka n'kuyamba kuyenda. Inadutsa m'munda wa kokonati, inalowa mumsewu, amayi tikuimba pambuyo, ana akuthamangitsa agalu. Pokwera chitunda cha kumsika mvula inayamba, pansi panaterera, ndipo ngodya yakumbuyo inatsika. Tinamva nsungwi zikulira. Rogelio, amene nthawi yonseyi ankayenda pambali atakwinya nkhope, makiyi a galimoto ali m'manja, anataya makiyiwo m'matope n'kulowa pansi pa ngodyayo ndi malaya ake oyera. Ngodya inadzuka. Phewa lake mpaka lero lili ndi chipsera.

Nyumba itakhazikika pamalo ake atsopano, amayi tinagawa phala la mpunga ndi zigumu zimene tinaphika m'timbale tawo. Koma amuna aja sanayambe ndi kudya. Anandanda pazenera, matope okhaokha, aliyense kugwira dzanja lija n'kuliika pamphumi. Nay Ilang ankawatchula mayina mmodzimmodzi, ena ndi mayina a paubwana amene akazi awo sankawadziwa. Womaliza anali Rogelio. Dzanja linakhalitsa pamphumi pake. Kenako Nay Ilang anandiitana, maso ali ngwee, nati, "Inday, anthu amanyamulidwa ndi mudzi atatseka kale maso. Ine ndawaona onse ondinyamula. Koma ndiye ndachita mwayi." Tsiku limenelo sindinatsutse.

Anakhala m'nyumba yawo miyezi ina iwiri. Ankamva belu la Misa ali pamphasa, ndipo ana a sukulu anasintha njira kuti azidzera pazenera lawo. Lachiwiri lapitali, atalandira sakramenti la odwala, anatisiya mwakachetechete dzuwa likutuluka, m'nyumba imene amuna awo anamanga, monga ananenera. Amwalira ali ndi zaka 77.

Asiya ana awiri, Rogelio ndi Marites. Apongozi awiri, Luzviminda ndi Danilo. Adzukulu asanu ndi mmodzi, ndi mdzukulutuvi mmodzi. Mng'ono wawo Remedios. Ndi ine mlamu wawo, amene ndatsala wopanda wokangana naye. Atsogoleredwa ndi makolo awo, amuna awo Anacleto, ndi mwana wawo Benigno.

Banja lapempha kuti bokosi lisakwere galimoto. Manong Teban, Rogelio, ndi nonse amene munalowetsa mapewa tsiku lija, tikamaliza pano musendere kutsogolo. Ulendo uno sakuonani, koma anakuonani kale, ndipo mayina anu apita nawo.

Manang Ilang, amene tinachita mwayi ndife. Apumule mu mtendere wa Ambuye amene ankawaona m'zinthu zazing'ono zonse.